Che Silaju ndi Mpunga wa Che Ndembo

Linali Lachinayi, swala ya masana itangotha kumzikiti, pamene Che Silaju anatsamiritsa njinga yake pamtengo wa bwemba pakhomo pa Shehe Mtalika. Anali atavala mkanjo wake wa pa Idi ndi mzuli watsopano kumutu, ngakhale kunalibe chikondwerero chilichonse. Ankapita kukatsutsa mphunzitsi, ndipo ankafuna kuti zovala zimuthandize kulimba pakamwa.

Anawapeza Shehe ali pamphasa pakhonde, akusoka thumba lobooka. Anali okalamba, ochepa thupi, ndipo ng'ala inali itayamba kuphimba maso awo, moti singano ankaipeza ndi zala. M'chigwa chonse cha mpunga kumunsi kwa phiri la Chikala ankadziwika kuti anaphunzira zaka zambiri kutali, koma mlendo akanawayesa waganyu.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Walaikumu salamu. Mawuwo ndi a Che Silaju. Khalani pano pamthunzi. Kunyumba aswera bwanji?"

"Aswera, Alihamudulila."

Silaju anakhala pansi, nakonza mkanjo pamaondo. Zimene anadzera zinali zitamuphika miyezi yambiri. Ndime yake ya mpunga inagundana ndi ya Che Ndembo, mnzake wa paubwana amene analowa naye jando limodzi. Pakati pa ndime ziwirizo panali kachitunda kotchinga madzi, kopapatiza moti anthu awiri sakanadutsana. Chaka chimenecho mtsinje unasefukira n'kukhuthula mchenga m'ndime ya Silaju, ndipo mchengawo unaima pakachitunda penipenipo ngati wauzidwa malire. Kwa Ndembo kunangolowa matope achonde. Silaju anapuntha matumba asanu ndi anayi. Matumba a Ndembo, Silaju anawawerenga ali pakhomo pake, ngolo ikudutsa pamsewu, ndipo anasiyira pa makumi asanu chifukwa mtima unamuwawa.

Zonsezo akanazimeza. Chimene chinamukanika kukhosi chinali ndodo ya Shehe. Kwa miyezi iwiri, m'mawa uliwonse, ankaimva ikugogoda m'njira, kudutsa pakhomo pake, kulowera kunyumba yamalata ya Ndembo.

"Shehe, ndabwera ndi funso la chiphunzitso," anatero Silaju. "Mundikhululukire ngati lili lolemera."

"Funsani. Ndikalidziwa ndiyankha. Ndikapanda kulidziwa tikafunsa limodzi kwa odziwa."

"Pali anthu awiri. Wina sajomba kumzikiti, amaima mzere woyamba, ndipo njerwa za khoma la mzikitiwo anazisenza pamutu pake. Ameneyo Mulungu wamuyesa ndi umphawi. Wina wadalitsidwa, nkhokwe zasefukira, koma masabata asanu ndi awiri tsopano sanaponde kumzikiti ngakhale pa swala ya Ijumaa, Lachisanu. Kodi mphunzitsi woopa Mulungu ayenera kupondaponda pakhomo pa uti?"

Shehe anabaya singano pathumba, nalisiya pambali.

"Anthu awiriwa ali ndi maina, ndipo mmodzi wakhala pamphasa yanga. Tiyeni tiwatchule. Kuzungulira kutitayitsa swala ya Asiri."

Silaju anamva manyazi pang'ono, koma popeza chitseko chinali chitatseguka, analowa ndi katundu yense.

"Chabwino, Shehe. Ine chaka chonse chino mwabwera kwanga kawiri, ndipo kamodzi kanali ka maliro. Kwa Che Ndembo mumapita tsiku ndi tsiku. Lachiwiri lililonse mumakwera nawo galimoto kupita ku boma. Ine sindikunena kanthu, koma anthu akuti ngakhale Shehe amatsata kumene kukununkhira mpunga wa kilombero. Akutinso mpunga umenewu si wa manja okha. Akuti Che Ndembo anakhwimira, ndipo zimene anachitazo zayamba kuwatembenukira, n'chifukwa chake akuopa mzikiti. Ndabwera kudzapempha kuti mawa pa ulaliki muchenjeze anthu za chuma chotere."

"Anthu ake ati amene akunena?"

"Anthu basi."

Shehe sanaumirize. Kenaka anati:

"Za kwanu mwanena zoona. Ndabwera kawiri kokha, ndipo kumeneko ndi kulakwa kwanga. Mundikhululukire. Tsono ndithandizeni pa chinthu chimodzi. Maso angawa saonanso patali. Inu ndime yanu yagundana ndi yawo, ndipo ndikumva kuti palibe chimene chimakuphonyani. Ndiuzeni zimene mwaona pa Che Ndembo chikololere."

Apa Silaju anawongoka msana. Limeneli linali phunziro limene analidziwa kuposa aliyense m'chigwamo.

"Ndaona zambiri. Chigawo chomaliza cha mpunga anachisiya m'munda mpaka chinayamba kuyoyoka. Mbalame zinkatera ngati mtambo, iwo atangokhala pachitunda, zenga lili pambali, osaingitsa ndi imodzi yomwe. Kukhuta kumeneko! Ife tikutola kambewu kamodzikamodzi m'mchenga."

"Pitirizani."

"Nazale ya chilimwe sanafese, chonsecho madzi ali nawo. Njinga yamoto apatsa mlamu wawo. Ngolo ndi ng'ombe zake apatsa mwana wa mlongo wawo. Zonsezo kuti anthu aziwatama. Moni sayankha, amangoyang'ana pansi. Malaya amodzimodzi sabata yathunthu, munthu wokhala ndi sutikesi yodzaza. Aonda mpaka wotchi ikuvuka pamkono. Kale powokera ankang'ung'udza nyimbo mpaka kutisokosa, pano ziii."

"Analankhulapo nanu?"

"Kamodzi. Anandiitana pamalire n'kunena kuti, 'Achimwene, ine ndikachoka, madzi a ngalande yanga muzitsegulira kwanu.' Ndinadziwa kuti akukonza ulendo wachipembedzo wa ku Maka ndipo akufuna ndimve. Sindinawayankhe. Ndipo inuyo, Shehe, ndinakuonani mukuchokera kwawo mutanyamula katoni ya mankhwala opopera mbewu. Ndinati taonani, mpaka mankhwala akupatsa Shehe, amene alibe ndi dimba lomwe, ife anansi mbozi zikutithera masamba."

"Mwaona bwino," anatero Shehe. "Palibe chimene mwaonjezera. Tsopano ndikupempheni mubwereze zonsezo mumtima, pang'onopang'ono. Koma muchotsemo dzina la Che Ndembo. Muikemo dzina la mng'ono wanu wa bere limodzi."

Silaju anafuna kuseka, koma chifukwa cha ulemu anachita zimene anauzidwa. Munthu wosiya mpunga wakupsa kuti mbalame zidye. Wosafesa za mawa. Wogawa katundu wake mmodzimmodzi. Wosadya, wosasamba, wotsanzika pamalire. Atafika pa katoni ija anaima. Anakumbukira mlimi wina wa thonje kutsidya kwa mtsinje, zaka zitatu zapitazo, amene anagawa mbuzi zake zonse mwezi umodzi, anthu n'kumamuyamika kuti ndi wopatsa. Anakumbukiranso mmene anamuikira, mwakachetechete, anthu osayang'anana kumaso.

"Subuhanala," ananong'ona. "Shehe, mukutanthauza kuti Che Ndembo akufuna kudzichotsera moyo?"

"Maganizo amenewo akhala akuwabwerera. Ndinawafunsa maso ndi maso, ndipo anavomera. Sindikanakuuzani, chifukwa chinsinsi cha munthu ndi katundu wosungitsa. Koma eni ake anandiloleza kuti inuyo ndikuuzeni, ndipo chifukwa chake muchimva."

Munthu akanaganiza kuti nsanje ithera pomwepo. Koma nsanje yokhalitsa sichoka ndi mawu amodzi. Mawu owawa anamutuluka Silaju asanawagwire.

"Koma iwowo akusowa chiyani? Malata ali nawo, mpunga uli mpaka kudenga, ana ali kusukulu. Ine ndi amene mchenga unandikwirira! Ngati pali woyenera kutaya mtima m'chigwa muno ndine. Nanga bwanji ngakhale chisoni chomwe chikupita kwa iwo?"

Atatero anadzimva yekha, ndipo anagwetsa nkhope. Shehe sanamudzudzule.

"Che Silaju, malungo akamalowa m'nyumba amayamba afunsa kuti mwapuntha matumba angati?"

"Ayi."

"Awanso ndi matenda, ndipo safunsa. Amagwira maganizo monga ena amagwirira chifuwa. Alimi amawapeza kawirikawiri, chifukwa mlimi amatha tsiku lonse yekha ndi maganizo ake, moyo wake uli m'manja mwa mvula ndi mtsinje, ndipo anaphunzitsidwa kuti mwamuna sadandaula. Ena amawagwira chaka chimene munda wakana. Che Ndembo awagwira chaka chimene munda wawo wokha wavomera. Chisefukire madzi, pakhomo pawo sipatha anthu, ndipo aliyense amabwera ndi thumba lopanda kanthu. Akapatsa, wolandirayo amati zachepa. Akapanda kupatsa, amatukwanidwa. Palibe amene amabwera kudzangofunsa kuti mwadzuka bwanji. Tulo tinawathawa. Anayamba kudziona ngati anadya mwayi wa anzawo onse. Kenaka zinawafika m'makutu kuti anakhwima, ndipo anthu amene ankaima nawo mzere umodzi anayamba kusiya mpata pambali pawo. Kumzikiti sanasiye chifukwa chonyada. Anasiya chifukwa cha mpata umenewo."

Silaju anayang'ana mphasa. Mpatawo ankaudziwa, chifukwa woyamba kusuntha phazi anali iye. Koma mtima wake unafunabe potulukira, ndipo unathawira ku chiphunzitso.

"Komabe, Shehe, inu nomwe munatiphunzitsa kuti kudzipha n'koletsedwa, ndi tchimo lalikulu. Munthu wa chikhulupiriro angaganize bwanji zotere? Simunayenere kuwaopseza ndi moto kuti asiye?"

"N'koletsedwadi, ndipo sindinasinthe. Moyo ndi wa Mwini wake. Koma ndiuzeni, mutaona munthu wagwera m'ngalande yaikulu madzi atadzaza, mungaime pamtunda n'kumamuwerengera malamulo oletsa kusamba m'ngalande?"

"Ndingamuponyere nsungwi."

"Malamulowo Che Ndembo akuwadziwa kuposa inu ndi ine, ndipo akuwawawa usana ndi usiku. Munthu amene akudziona kale kuti ndi wotayika, ukamuuza za moto umangomutsimikizira. Chimene sakuchikhulupirira n'chakuti chifundo cha Mulungu chingawafikire, ndi kuti pali munthu amene angawafune opanda mpunga. Zimenezo sizilowa ndi ulaliki. Zimalowa ndi munthu wobwera lero, n'kubweranso mawa. N'chifukwa chake ndimapita. Ndimakhala nawo, nthawi zina osalankhula kanthu. Mankhwala opopera aja ndinawatenga titagwirizana ndi mayi a kunyumba kwawo, Abiti Lajabu, chifukwa maganizo otere amabwera ngati chimvula cha mphepo, mwamphamvu koma n'kudutsa, ndipo pa ola limenelo pafupi pasamakhale choopsa. Lachiwiri timapita kuchipatala, kumene kuli anthu ophunzira za matenda a maganizo. Iwo amapereka uphungu ndi mankhwala, ine ndimapempha duwa, kuwapempherera kwa Mulungu. Sitilimbana. Amene analenga matenda ndi yemweyo anapatsa anthu nzeru zochizira."

"Ndiye akupezako bwino?"

"Pang'ono. Dzana anadya mbale yonse. Dzulo anafunsa ngati nthawi yofesa nazale yatha. Koma mbewu yongowokera kumene siyenera kusowa madzi." Shehe anatembenuzira nkhope yawo kwa mlendoyo. "Tsono imvani chifukwa chimene anandilolezera. Loweruka ndikupita kumzinda kukachotsa ng'alayi. Akuti ndikakhala masabata atatu. Ndinafuna kuzengereza, koma Che Ndembo anakana, anati ndisachite khungu chifukwa cha iwo. Ndiye ndinawafunsa kuti, 'Ine kulibe, mukufuna ndani azibwera m'mawa, ndi kukuperekezani Lachiwiri?' Anaganiza nthawi yaitali. Kenaka anati, 'Che Silaju.'"

"Ine?"

"Ndinafunsa chifukwa. Anati, 'Tinalowa jando limodzi. Ndipo m'chigwa chonse chino ndi yekhayo amene sanabwerepo kudzandipempha kanthu.' Ndimati ndibwere kwanu madzulo ano. Mulungu wakutumizani nokha, ndipo mwandipulumutsa ulendo."

Silaju anavula mzuli, naupinda m'manja. Ankadziwa bwino chimene chinamuletsa kukapempha. Sichinali ulemu. Kangapo mkazi wake anamuuza kuti akapemphe mbewu kwa mnzake, iye n'kulumbira kuti bola ana agone ndi njala kusiyana n'kuti Ndembo amuone atatambasula dzanja. Chidani chake chomwecho mnzakeyo anachiwerenga ngati ubwenzi wotsiriza umene unamutsalira.

"Shehe," anatero Silaju, "munandifunsa kuti anthu ake ati. Palibe anthu. Ndine. Ndinanena ndili pabenchi ya pachigayo, kuti mchenga suima pamalire wokha popanda wouimitsa. Ndinanena ngati nthabwala, koma ndinkafuna igwire. Ndipo inagwira."

"Ndinaganiza choncho."

"Iwo akudziwa?"

"Sakudziwa. Ndipo musathamangire kukawauza kuti mtima wanu upepuke, wawo ulemere. Idzafika nthawi yake akadzalimba, ndipo mudzawapempha chikhululukiro pamaso. Za lero ndi izi: mawu munawafesera pachigayo, mukawazulire pachigayo pomwepo, pamaso pa anthu omwewo. Mukanene kuti munanama chifukwa cha kaduka. Za matenda awo musatchule, si zanu zogawa."

Silaju anagwedeza mutu. Kukanena zimenezo pachigayo kunali kovuta kuposa kusenza njerwa za mzikiti wonse, ndipo onse awiri ankadziwa.

"Palinso china," anatero Shehe. "Munati woyenera kutaya mtima ndinu. Mawu amenewo sindiwalola angodutsa. Inuyo mumagona?"

Funsolo linamudzidzimutsa. Chisefukire mtsinje panalibe amene anamufunsa zotere.

"Pang'ono. Ndimadzuka n'kumaganiza za mchenga uja."

"Maganizo odzichotsera moyo anakufikiranipo?"

"Ayi, Shehe. Amenewo ayi. Kungoti mtima umakhala wowawa nthawi zonse, ngati ndatafuna mankhwala a malungo."

"Alihamudulila kuti sanafike. Akadzafika, kapena kuwawako kukadzakula, mudzanene msanga, kwa ine kapena kwa a chipatala aja. Si manyazi. Ndipo ndikabwerako ndidzayamba ndi pakhomo panu. Ndinayang'ana nyumba imene inkapsa n'kuiwala kuti yoyandikana nayo ikufuka utsi."

Apa misozi inalengeza m'maso mwa Silaju, ndipo anayang'ana kumbali, kumene nkhuku zinkapalasa pansi pa bwemba. Patapita kanthawi anafunsa:

"Ndikapita, ndikanene chiyani? Ine si wophunzira."

"Mukapereke salamu, mukhale pansi. Mukafunse mmene agonera, ndipo akayamba kuyankha musawadule. Musawauze kuti ali ndi zambiri zoyamikira, akudziwa, ndipo zimenezo n'zimene zikuwalemera. Akakhala chete, khalani nawo chete. Mukaona kuti tsikulo lawaipira, afunseni mosabisa ngati maganizo aja abweranso. Kufunsa sikuwabzala, kumawatulutsa poyera. Akati inde, musawasiye okha, itanani Abiti Lajabu, mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo osadikira Lachiwiri. Ndipo akafuna kufesa nazale, mukagwire nawo khasu."

Silaju anamvetsera zonse. Kenaka anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Shehe, ndikuuzeni zoona, popeza lero ndayamba kunena zoona. Ngakhale panopa, nditamva zonsezi, ndikaganiza za matumba aja chinachake chikundilumabe. Ndikalowa pakhomo paja ndikaona malata, ndikaona nkhokwe, ndipo ndikudziwa kuti mtima wanga ukawerenga. Munthu wotere angakhale bwanji mlonda wa moyo wa mnzake? Bwanji mupeze wina, ine ndiyambe ndasala ndi kupempha Mulungu anditsuke? Mtima ukayera ndidzapita."

Shehe anatola thumba lawo, nafufuza singano ndi zala mpaka anaipeza.

"Salani, ndipo pemphani, n'zabwino. Koma mukadikira kuti mtima uyere kaye, mwina tidzakhala titanyamula jeneza kupita kumanda. Pitani nayo nsanje yanuyo mawa m'mawa, ikhale nanu pakhonde pawo. Yanenepa chifukwa mwakhala mukuidyetsa muli kutsidya kwa malire, kumene munthu amaona matumba okhaokha. Ine ndakalamba, Che Silaju, ndipo sindinaonepo munthu amene anakhala pamphasa imodzi ndi mnzake, namva zonse zimene wasenza, n'kudzuka akufunabe kusinthana naye."